Mafunso ndi mayankho: kugawana nyimbo za rock ndi kukambirana za eni ake

Okonda nyimbo za rock satha kumva nyimbo yokoma n'kukhala chete. Amafuna wina aimvenso, ndipo akangotero mkangano wabuka: uyu akuti palibe woposa Jimi Hendrix pa gitala, uyo akuti simunamumve bwino Jimmy Page wa gulu la Led Zeppelin. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene sasowa pa macheza otere. Ena ndawayankha mwachidule, ena ndawatambasula chifukwa nkhani yake njonona.

Kodi nyimbo imakhala yotani kuti tiziti ndi ya rock?

Nthawi zambiri pamakhala zinthu zinayi: gitala yamagetsi, gitala ya bezi, ng'oma ndi mawu a woimba. Nyimbo yambiri imaima pa riff, kachidutswa kakafupi ka gitala kamene kamabwerezedwa mpaka kukhazikika m'mutu. Mukakumbukira mmene "(I Can't Get No) Satisfaction" ya The Rolling Stones ya mu 1965 imayambira, ndiye riff imeneyo.

Chinanso ndi kusasa kwa gitala. Poyamba kusasaku kunali vuto, osati luso. Mu 1951, pojambula "Rocket 88" ku Memphis, gulu la Ike Turner linagwiritsa ntchito ampulifaya yowonongeka, gitala n'kumamveka yosweka mawu, koma anaisiya choncho. Mu 1964 Dave Davies wa gulu la The Kinks anachita kung'amba dala sipika yake ndi lezala kuti "You Really Got Me" imveke yaukali. Lero makampani amagulitsa zipangizo zopangira phokoso lomwelo.

Ena amati rock anaiyambitsa ndi Elvis Presley. N'zoona?

Ayi. Elvis anaitchukitsa kwambiri, koma anaipeza ilipo kale. Rock inabadwa ku America kuchokera ku blues, nyimbo zauzimu za anthu akuda ndiponso country. Nyimbo yoyamba imene Elvis anatulutsa ku Sun Records mu 1954, "That's All Right", anaipeka ndi Arthur Crudup, woimba blues wakuda. "Hound Dog" imene Elvis anatchuka nayo mu 1956 inali itatuluka kale mu 1953 m'mawu a Big Mama Thornton.

Mukafuna kwenikweni kumene kunachokera moto, mverani Sister Rosetta Tharpe. Mayiyu ankaimba nyimbo za Mulungu akuliza gitala yamagetsi mwaukali m'zaka za m'ma 1940, pamene Elvis anali kamnyamata. Anamwalira mu 1973, ndipo Rock and Roll Hall of Fame, nyumba yolemekeza akatswiri a rock ku America, inadzamulemekeza mu 2018, mochedwa zochititsa manyazi. Kenako pali Chuck Berry, amene anatulutsa "Maybellene" mu 1955 ku Chess Records mumzinda wa Chicago, ndi Little Richard amene anatulutsa "Tutti Frutti" chaka chomwecho. Anyamata a ku Britain amene anadzagwedeza dziko m'ma 1960 anaphunzira pomvetsera zimbale za anthu amenewa. Ngakhale dzina loti The Rolling Stones analitenga ku nyimbo ya Muddy Waters.

"Johnny B. Goode" ya Chuck Berry ya mu 1958 ili pa chimbale chagolide chimene anachiika pa zombo za m'mlengalenga za Voyager mu 1977. Palibe nyimbo ya rock imene inagawidwa kutali kuposa pamenepo.

Mnzanga sanazolowere rock. Ndimuyambitse ndi nyimbo iti?

Musayambe ndi nyimbo imene inuyo mumaikonda kwambiri. Yambani ndi imene ili pafupi ndi zimene iye amamvera kale. Okonda rock ambiri amalakwitsa pamenepa: amatumiza nyimbo yaukali kwambiri pofuna kumudabwitsa mnzawo, iye n'kuitseka mphindi isanathe, osadzafunanso kumva za rock.

Munthu wokonda makwaya ndi mawu ogwirizana bwino mupatseni "Bohemian Rhapsody" ya Queen ya mu 1975, kapena "The Chain" ya Fleetwood Mac. Wokonda gitala yoyera, yomveka nsambo iliyonse, adzasangalala ndi "Sultans of Swing" ya Dire Straits ya mu 1978, pamene Mark Knopfler amaliza gitala ndi zala zokha. Wokonda reggae ali ndi khomo lake: The Police ndi The Clash anatengera zambiri ku Jamaica. Wokonda hip hop ayambe ndi "Walk This Way" imene Run-DMC anaimba limodzi ndi Aerosmith mu 1986, kenako alowe ku Rage Against the Machine kapena Linkin Park.

Heavy metal ndi punk, mitundu yaukali kwambiri ya rock, zidikire. Khutu limafuna kuzolowera kaye.

Nditumize nyimbo imodzi, chimbale chonse, kapena mndandanda wautali?

Imodzi. Munthu mukamutumizira nyimbo makumi asanu mwamupatsa ntchito, ndipo adzakuyankhani kuti "ndimvera mawa". Imodziyo akaikonda adzapempha yekha ina.

Zilipo zimbale zina zosayenera kuzidula. The Dark Side of the Moon cha Pink Floyd cha mu 1973 anachikonza kuti nyimbo zizilumikizana popanda mpata, kuyambira kugunda kwa mtima koyambirira mpaka komaliza. Koma chimbale chotere n'chopatsa munthu amene wakopeka kale.

Ndizinena chiyani potumiza nyimboyo?

Apa m'pamene pagona nkhani. Linki yopanda mawu imangomira pakati pa mauthenga ena. Muuzeni mnzanuyo pamene atchere khutu, ndipo mumuuze kuti akumvayo ndani.

Tengani "Gimme Shelter" ya The Rolling Stones ya mu 1969. Mukangoitumiza, munthu amva nyimbo yabwino basi. Koma muuzeni kuti mawu a mzimayi amene akumveka mmenemo ndi a Merry Clayton, amene anamuimbira foni usiku ku Los Angeles ali woyembekezera, n'kupita ku situdiyo atakonzeka kale zokagona. Muuzeni kuti cha pa mphindi zitatu mawu a mayiyo amasweka chifukwa cha mphamvu imene akuimbira, ndipo chapansipansi pamamveka munthu akufuula modabwa. Sanafufute. Wamva zimenezi adzabwereza malo amenewo kangapo.

Kapena Black Sabbath. Tony Iommi, woliza gitala wa gululi, anaduka nsonga za zala ziwiri pa makina a m'fakitale ku Birmingham ali ndi zaka 17, zala zomwe amakanikizira nsambo. Anatsala pang'ono kusiya zoimba, mpaka bwana wake wa kufakitale anamumvetsera Django Reinhardt, katswiri wa jazz amene ankaliza gitala ndi dzanja lopsa ndi moto. Iommi anadzipangira nsonga za zala kuchokera ku botolo la pulasitiki, n'kuyamba kugwiritsa ntchito nsambo zopyapyala, ndipo pambuyo pake anazikhwefula kuti zisamamupweteke. Nsambo zokhwefuka zimalira motsika ndi molemera. Kulemera kumene magulu a heavy metal amakufuna mpaka lero, mbali yake inachokera pa ngozi imeneyo.

Koma kodi kudziwa mbiri ya woimba n'kofunikadi? Nyimbo siikwanira payokha?

Nyimbo yabwino imaima payokha, zoona. Mbiri siisandutsa nyimbo yoipa kukhala yabwino. Chimene imachita n'kukutsegulani makutu.

Rumours cha Fleetwood Mac chinatuluka mu 1977. Pochijambula, banja la John ndi Christine McVie linali likutha, chibwenzi cha Stevie Nicks ndi Lindsey Buckingham chinali chikuthanso, ndipo onsewa ankakumana tsiku ndi tsiku mu situdiyo imodzi. Buckingham analemba "Go Your Own Way" yonena za Nicks, Nicks n'kulemba "Dreams" yonena za Buckingham, ndipo aliyense ankathandizira kuimba nyimbo imene ikumudzudzula iye mwini. Mukadziwa zimenezo, makolasi okoma aja amamveka mosiyana.

Back in Black cha AC/DC chimayamba ndi belu lolira pang'onopang'ono, chikuto chake n'chakuda bii. Ndi chimbale cha maliro: woimba wawo Bon Scott anamwalira mu February 1980, ndipo pofika July chaka chomwecho anzake anali atachitulutsa ndi woimba watsopano, Brian Johnson. "Zombie" ya The Cranberries ya mu 1994 ambiri amangoivina, koma Dolores O'Riordan anailemba bomba la IRA, gulu lankhondo lolimbana ndi ulamuliro wa Britain ku Northern Ireland, litapha ana awiri ku Warrington ku England mu 1993. Ukali umene uli m'mawu ake uli ndi chifukwa.

Katswiri woposa onse pa gitala ndani?

Funso limeneli lathetsa macheza ambiri. Ine ndimati Jimi Hendrix, ndipo chifukwa changa si liwiro la zala. Othamanga kuposa iye alipo ambirimbiri. Hendrix anasintha zimene anthu ankaganiza kuti gitala ingachite. Anali wamanzere, ankatembenuza gitala ya Fender Stratocaster ya anthu akumanja n'kusintha nsambo, ndipo kulira kwa sipika kumene ena ankakuthawa iye anakusandutsa nyimbo. Anafika ku London mu September 1966, anamwalira komweko pa 18 September 1970 ali ndi zaka 27. Zonse zimene timamutamira anazichita m'zaka zinayi zokha. Atatenga "All Along the Watchtower" ya Bob Dylan mu 1968, mwiniwake wa nyimboyo anayamba kuiimba motsatira Hendrix.

Komabe mkanganowu umakoma mukasintha funso. Funsani kuti ndani amakufikani pamtima ndi manotsi ochepa, mumva dzina la David Gilmour wa Pink Floyd ndi "Comfortably Numb". Funsani za mawu a gitala osafanana ndi a wina aliyense, mumva za Brian May wa Queen, amene gitala yake anaipanga yekha ndi bambo ake pogwiritsa ntchito thabwa lakale la pa malo osonkhapo moto m'nyumba, ndipo amailiza ndi kandalama kachitsulo. May yemweyo anamaliza digiri ya PhD ya sayansi ya zakuthambo mu 2007.

N'chifukwa chiyani anthu amangokamba za woimba ndi wa gitala?

Chifukwa ndi amene amaima kutsogolo. Koma gulu la rock limaima pa ng'oma ndi bezi, ndipo oimba eni ake amadziwa. John Bonham wa ng'oma atamwalira mu 1980, anzake a Led Zeppelin sanafune n'komwe woti alowe m'malo mwake, anangothetsa gulu. Mverani chiyambi cha "When the Levee Breaks" ya mu 1971: ng'oma zija anazijambulira m'chipinda cha masitepe m'nyumba yakale ya Headley Grange, maikolofoni atapachikidwa m'mwamba, n'chifukwa chake zimamveka ngati zikugwa kuchokera kumtunda. Nyimboyo ndi ya Memphis Minnie ndi Kansas Joe McCoy, ya mu 1929, yonena za madzi osefukira a mtsinje wa Mississippi mu 1927.

Ku AC/DC maso onse amakhala pa Angus Young ndi yunifolomu yake ya sukulu, pamene msana wa nyimbo zawo unali mkulu wake Malcolm, ataima phee kumbuyo. "Another One Bites the Dust" ya Queen anaipeka ndi John Deacon wa bezi, munthu wofatsa kuposa onse m'gululo.

The Beatles kapena The Rolling Stones?

Popeka nyimbo ndi kuyesa zatsopano mu situdiyo, The Beatles. Zimbale zawo zonse anazijambula pakati pa 1962 ndi 1970, ndipo kusiyana kwa choyamba ndi chomaliza n'kodabwitsa. Poimba pamaso pa anthu ndi kukhalitsa, The Rolling Stones, amene anayamba mu 1962 ndipo ankaimbabe Charlie Watts wa ng'oma atamwalira mu 2021. Palibe lamulo loti musankhe mbali.

Anthu ena amati rock ndi nyimbo za Satana. Ndiwayankhe bwanji?

Ayankheni modekha, ndipo musabise zimene zili zoona. Alipo magulu amene amagwiritsa ntchito zithunzi za ziwanda, ambiri mwa iwo pofuna kuopseza ndi kugulitsa zimbale, mofanana ndi mafilimu oopsa. Aliponso ochepa amene anachitadi zoipa: kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 oimba ena a black metal ku Norway anatentha matchalitchi, n'kumangidwa.

Koma kunena kuti rock yonse ndi yotero n'kusadziwa kumene inachokera. Muzu wake wina uli m'tchalitchi. Little Richard anasiya rock mu 1957 n'kukaphunzira za ubusa. U2 anatseka chimbale chawo cha War mu 1983 ndi nyimbo yochokera pa Salimo 40. Ngakhale Black Sabbath, imene anthu amaiopa chifukwa cha dzina, mawu a nyimbo zake zambiri ankalemba ndi Geezer Butler, amene anakulira m'banja la Chikatolika. "War Pigs" ndi yodzudzula atsogoleri otumiza ana a anzawo kunkhondo. Chizindikiro cha zala ziwiri zoimika ngati nyanga, chimene okonda rock amakonda kuonetsa, anachitchukitsa ndi woimba Ronnie James Dio, ndipo iye ankati anachitengera kwa agogo ake aakazi a ku Italy amene ankachigwiritsa ntchito pothamangitsa tsoka.

Nkhani ya mauthenga obisika inafika mpaka kukhoti. Mu 1990 gulu la Judas Priest linazengedwa mlandu ku Reno m'boma la Nevada, ati mawu obisika m'nyimbo yawo anachititsa anyamata awiri kudziwombera. Woweruza anapeza kuti gululo linalibe mlandu.

Upangiri wanga ndi wakuti muziwerenga mawu a nyimbo iliyonse payokha. Imene ikusemphana ndi chikhulupiriro chanu, isiyeni, zina zilipo zambiri.

Kodi ku Africa kuli rock?

Ilipo, ndipo si yongotengera. M'zaka za m'ma 1970 ku Zambia kunabuka Zamrock, yosakaniza gitala yosasa ya Hendrix ndi Black Sabbath ndi kagundidwe ka ng'oma za kumeneko. Boma la Kenneth Kaunda litalamula kuti pafupifupi nyimbo zonse za pa wailesi zikhale za m'dzikomo, magulu anachuluka. WITCH, yotsogoleredwa ndi Emmanuel "Jagari" Chanda, inatulutsa Lazy Bones!! mu 1975, chaka chimene Amanaz anatulutsa Africa. Paul Ngozi ndi gulu lake la Ngozi Family ankaimba m'Chingelezi ndi m'Chinyanja, ndipo Day of Judgement cha mu 1976 n'chimbale cholemera ngati chilichonse cha ku Birmingham. Kugwa kwa mtengo wa mkuwa kunafooketsa msika wa nyimbo, kenako Edzi inatenga oimba ambiri m'ma 1980. Zimbalezi zinatulutsidwanso patapita zaka zambiri, WITCH inadzukanso n'kutulutsa Zango mu 2023, ndipo mu 2024 Tyler, the Creator anagwiritsa ntchito chidutswa cha nyimbo ya Ngozi Family mu "Noid".

Ku chipululu cha Sahara kuli Tinariwen, gulu la Atuareg limene linapata Grammy mu 2012, ndi Mdou Moctar wa ku Niger, wamanzere ngati Hendrix, amene nyimbo zake zinayamba kufala anthu akupatsirana pa mafoni. Ku Botswana kuli magulu a heavy metal monga Overthrust ndi Skinflint. Ndipo Freddie Mercury anabadwira ku Zanzibar mu 1946, dzina lake lobadwa nalo linali Farrokh Bulsara.

Bwanji mayina a akazi samveka kwambiri?

Analipo kuyambira pachiyambi, koma ambiri sanapatsidwe ulemu wawo. Carol Kaye analiza bezi m'nyimbo zosawerengeka, kuphatikizapo za pa Pet Sounds cha The Beach Boys, dzina lake osalembedwa pachikuto. Clare Torry, amene anaimba mopanda mawu mu "The Great Gig in the Sky" ya Pink Floyd, analipidwa mapaundi 30 okha. Anakasuma, ndipo kuyambira 2005 dzina lake limalembedwa ngati mmodzi wa opeka nyimboyo. Mukafuna poyambira, mverani Janis Joplin, Tina Turner, Joan Jett, Ann ndi Nancy Wilson a gulu la Heart, ndi Horses cha Patti Smith cha mu 1975.

Nanga woimba akakhala wamakhalidwe oipa, ndisiye kumvera nyimbo zake?

Zimenezo n'za mtima wanu, ndipo anthu oganiza bwino amasiyana maganizo. Chimene sindigwirizana nacho n'kubisa. Mu 1976 Eric Clapton, munthu amene luso lake lonse analitenga ku blues ya anthu akuda, analankhula mawu atsankho pa siteji ku Birmingham, ndipo anthu okwiya nazo anayambitsa Rock Against Racism, kampeni yolimbana ndi tsankho kudzera m'nyimbo. Patapita zaka zambiri ananena kuti amachita nazo manyazi. Mu 1984 Queen anakaimba ku malo achisangalalo a Sun City pamene oimba ambiri ankakana kupita ku South Africa chifukwa cha tsankho, ndipo bungwe la oimba la ku Britain linawalipiritsa chindapusa. Mungathe kukonda zimene Queen anachita pa Live Aid, konsati yothandiza anthu ovutika ndi njala, ku Wembley pa 13 July 1985 n'kumanenabe kuti za Sun City analakwitsa.

Ndamva kuti magulu otchuka ankaba nyimbo. Zoona?

Milandu inalipo. Willie Dixon anasumira Led Zeppelin mu 1985 pa "Whole Lotta Love", anagwirizana kunja kwa khoti, ndipo dzina lake linawonjezedwa. Mu 1976 khoti linapeza kuti George Harrison anatengera "He's So Fine" mosadziwa popeka "My Sweet Lord". Pa mlandu wa "Stairway to Heaven", Led Zeppelin anapambana mu 2016, chigamulo n'kutsimikizidwanso mu 2020. Kutengerana ndi mmene blues ndi rock zinakulira. Vuto limabwera pamene dzina ndi ndalama zapita kwa wotengera yekha.

Nditumize linki kapena fayilo ya nyimboyo?

Linki yochokera pa tsamba lenileni la woimbayo, kaya pa YouTube, Spotify kapena Bandcamp. Kufalitsa mafayilo popanda chilolezo n'kuphwanya malamulo a umwini m'maiko ambiri. Ndi nkhani imene Metallica anasumira Napster, pulogalamu yogawanirana mafayilo a nyimbo pa intaneti, mu 2000. Magulu aang'ono ndi amene amapindula kwambiri mukagula chimbale kapena tikiti.

Kodi pali tsoka pa zaka 27?

Brian Jones, Hendrix, Janis Joplin, Jim Morrison ndi Kurt Cobain onse anamwalira ali ndi zaka 27, n'chifukwa chake nkhaniyi siitha. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu British Medical Journal mu 2011 sanapeze kuti oimba amafa kwambiri pa msinkhu umenewu kuposa zaka zoyandikana nazo. Anapeza kuti oimba otchuka amafa ali achinyamata kuposa anthu ena. Pa imfa zambiri zotere pamapezeka mowa, mankhwala osokoneza bongo ndi matenda a maganizo.

Rock imakoma ikamaphokosera. Ndikweze mpaka pati?

Bungwe la World Health Organization limati munthu wamkulu asapitirire madesibelo 80 kwa maola 40 pa sabata, ndipo mukakweza ndi madesibelo atatu okha nthawi yotetezekayo imatsika ndi theka. Pete Townshend wa The Who wakhala akuvutika ndi makutu kwa zaka zambiri, ndipo Brian Johnson anasiya ulendo woimba wa AC/DC mu 2016 madokotala atamuchenjeza kuti akhoza kugontha. Mukavula mahedifoni n'kumamva kulira m'makutu, munakweza mopitirira. Kukamvera gulu likuimba pamaso, tengani zotsekera m'makutu ndipo musaime pafupi ndi masipika.